Kunja kwa geti n'kwa tonse: galimoto, zikwangwani ndi ngalande ku Nkhorongo

Munthu akamamanga nyumba ku Nkhorongo, maso ake onse amakhala mkati mwa puloti. Amafuna malata akwane, mawindo akhale ndi zitsulo, mpanda utalike kuti wodutsa asasuzumire. Koma pakati pa geti lake ndi geti la mnzake wa kutsidya pali kadera komwe palibe anakagula. Mmenemo ndi modutsa msewu, ngalande, mapaipi a madzi ndi mapolo a magetsi. Ana a sukulu amayenda momwemo, chimodzimodzi akabaza, ambulansi ndi galimoto yonyamula maliro.

Ine ndimakhala kuno, ndimachita lendi. Mikangano yambiri ya anthu oyandikana nyumba yomwe ndaiona siyambira m'nyumba ayi, imayambira pa kadera kameneka: wina waimika galimoto potseka njira, wina wazika chikwangwani pa kona, wina wakwirira ngalande kuti galimoto yake izilowa bwino pageti.

Mudzi womwe ukusanduka tauni

Mzuzu si mzinda wakalekale. Unayamba cha m'ma 1947 pomwe bungwe la ku Britain linatsegula minda ya mitengo ya tung, ndipo unalengezedwa kukhala mzinda mu 1985. Pa kalembera wa 2008 anthu ake anali asanafike 140,000, koma pofika kalembera wa 2018 anali atapitirira 220,000. Anthu onsewa sakanakwana ku Katoto, Chibavi, Chiputula kapena Mchengautuba kokha. Mzinda unayamba kutambasukira kunja, ndipo Nkhorongo, pokhala kufupi ndi Luwinga komwe kuli Mzuzu University ndi Mzuzu Central Hospital, inakoka ogwira ntchito, ophunzira ndi ofuna malo omangapo.

Vuto lake ndi loti m'madera a m'mbali mwa mzinda ngati kuno nyumba zimafika msanga kusiyana ndi pulani. Malo ambiri anali minda, ndipo anthu ankagulitsana poloza ndi chala: kuyambira pa mtengo uwo kukafika pa chulu icho. Njira zomwe zinali za miyendo ndi njinga ndi zomwe lero tikuzitcha misewu. Aliyense pomanga mpanda amadya pang'ono mbali ya msewu, mnzake wa kutsidya nayenso chimodzimodzi. Mapeto ake timatsala ndi kanjira koti galimoto ziwiri sizingapatukirane.

Galimoto ikagona pamsewu

Masiku ano galimoto zachuluka. Achinyamata oyendetsa ma Sienta amabwera nazo kunyumba madzulo. Pabwalo limodzi pamakhala mabanja atatu kapena anayi ochita lendi, koma malo oimika galimoto ndi a imodzi yokha. Zinazo zimagona kunja kwa geti. Onjezanipo omanga, omwe amauza lole kuti itsitse mchenga, kwale kapena njerwa pamsewu pomwepo poti mkati mwadzaza. Mulu womwe amati ukhala masiku awiri umatha miyezi itatu, mpaka kumera udzu.

Zimaoneka ngati zazing'ono mpaka tsiku la vuto. Usiku wina m'nyengo ya mvula, mayi wina wa mu mzere wathu matenda a uchembere anamuyamba. Mwamuna wake anaimbira mnzake wa galimoto. Galimoto inabwera ndithu, koma inakaima patali, chifukwa pa kona panali mulu wa mchenga mbali ina ndi galimoto yokhomakhoma mbali inayo. Mwini wake tinagogoda pageti lake kwa nthawi, agalu okha ndi amene ankatiyankha. Mayi uja anayenda wapansi m'matope, amayi awiri atamugwirira uku ndi uku, ife tikuwunikira ndi matochi a mafoni. Mulungu si Yakobe, anafika bwino kuchipatala. Koma m'mawa mwake nkhani inali m'kamwa mwa aliyense: nanga akanakhala munthu wokomoka? Nanga ukanakhala moto? Galimoto ya ozimitsa moto ndi yotakata kuposa Sienta.

Lamulo la pamsewu, la Road Traffic Act, sililola kusiya galimoto motchinga kapena moika ena pangozi, ndipo msewu wa fumbi wa m'dera nawo ndi msewu. Komabe sitingayembekeze wapolisi wa pamsewu kuti azibwera pa mzere uliwonse usiku. Zomwe tinagwirizana ife ndi zapafupi: pa kona sipaimikidwa galimoto, onse oimika kunja aziimika mbali imodzi, ndipo wosiya galimoto usiku nambala yake ya foni izidziwika kwa oyandikana naye. Wotsitsa mchenga azinena tsiku lomwe auchotse.

Pa maliro ndi pa ukwati m'pomwe timamvetsetsana mosavuta. Tenti ikatseka msewu palibe amadandaula, chifukwa mawa zidzakhala kwa iwe. Ngakhale pamenepo, ndi ulemu kusiya mpata kapena kuika mnyamata woti azilozera anthu njira ina.

Zikwangwani zambiri, zolozera njira zochepa

Amalawife chizindikiro cha pamsewu timachidziwa kuyambira kale. Ukaona masamba aikidwa pamsewu, sufunsa: wa galimoto amachepetsa liwiro, wa njinga amatsika, wailesi imazimitsidwa. Palibe anatilembera lamulo limeneli, koma timalitsata. Chodabwitsa ndi choti zikwangwani zolembedwa ndiye zikutisokoneza.

Imani pa mphambano iliyonse yolowera m'dera lathu muwerenge. Pali cha sukulu ya mkaka, cha tchalitchi, cha malo ogona alendo, cha wowotcherera mageti, cha saluni, china cha msonkhano womwe unachitika chaka chatha. Zina zinazikidwa pa kona penipeni, moti woyendetsa galimoto satha kuona wa kabaza yemwe akutulukira mbali inayo, ngakhalenso mwana wothamangira mpira. Zina ndi malata a dzimbiri olendewera pa msomali umodzi, odikira mphepo ya mwezi wa July. Pa makoma napo pali uthenga wake: apa akuti malo ano sakugulitsidwa, apo akuti wokodza pano alipira. Cha malo osagulitsacho chili ndi chifukwa chake, poti akamberembere ogulitsa puloti imodzi kwa anthu awiri alipo, ndipo eni malo ambiri amakhala kutali, ena ku Lilongwe, ena ku Joni.

Chomwe chikusowa ndi chikwangwani chonena dzina la msewu ndi nambala ya nyumba. Mlendo timamulozera motere: mukafika pa chigayo mukhotere kumanja, mudutse mtengo wa mapeyala, geti lachitatu lakuda. Tsono mageti akuda alipo asanu, ndipo mtengo uja anaudula mwezi watha. Masana zimangoseketsa, munthu amafunsa ana. Usiku, woyendetsa ambulansi akamazungulira kusaka geti lakuda, sizoseketsanso. Bungwe la MACRA lili ndi ntchito yokhazikitsa ma adiresi m'dziko muno, yopereka mayina a misewu ndi manambala a nyumba. Podikira kuti ifike pakhomo lililonse, palibe choletsa anthu a mzere umodzi kulemba nambala ya puloti pageti ndi penti yoyera yooneka usiku.

Kwa a bizinesi, ndi bwino kudziwa kuti chikwangwani chotsatsa malonda choyang'ana ku msewu chimafuna chilolezo cha khonsolo ya mzinda, ndipo m'mbali mwa msewu waukulu ngati M1 a Roads Authority nawo ali ndi mawu. Kufunsa usanazike n'kotchipa kusiyana ndi kupentetsa chinthu chomwe mawa chizulidwe.

Madzi saiwala khwawa

Mzuzu ndi mzinda wa zitunda ndi madambo, ndipo mvula yake imachedwa kusiya. Kumwera anthu akamakolola, kuno kumakhala kukugwabe. Ambiri akukumbukira mvula ya mu April 2016 yomwe inagwetsa nyumba m'madera angapo a mzinda uno ndi kusiya mabanja ali padzuwa. Pa malo otere ngalande si chokongoletsa.

Munthu akakwirira ngalande ya pageti pake ndi dothi m'malo moika kalavati, madzi sabwerera kumwamba. Amalowa mu msewu ndi kukumba chigwembe, kapena amakatsamira mpanda wa mnzake wa kumunsi mpaka kuugwetsa. Amene amavutika kawirikawiri si wokwirira uja, koma wa kumunsi, yemwe mwina ndi gogo wosamalira zidzukulu m'nyumba ya zidina. Ndi chifukwa chake mwezi wa October kapena November, mvula isanayambe, khasu liyenera kudutsa mu ngalande ya pakhomo lililonse.

Zinyalala nazo zimathera momwemo. Majumbo, mabotolo a pulasitiki ndi matewera otaya ndi zomwe zimatseka makalavati. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 mu 2015, koma nkhaniyi inakokedwa m'makhoti kwa zaka, ndipo ife tikuwaonabe m'ngalande. Madzi akaima, udzudzu umaswana. Chimbudzi chikasefukira, zonyansa zimatsetserekera ku dambo komwe ena amatunga madzi ndi kulima ndiwo zamasamba. Kolera yemwe anabuka mu March 2022 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo boma la Nkhata Bay, lomwe ndi loyandikana nafe, linali limodzi mwa okhudzidwa kwambiri.

Palinso mapuloti omwe eni ake anangomanga maziko n'kuchoka. Udzu umatalika kuposa munthu, mumabisala njoka, nthawi zina ndi akuba omwe, ndipo oyandikana nawo amawasandutsa dzala. Ngati muli ndi malo kuno koma mumakhala kutali, kutumiza kangachepe pa foni kuti mnyamata atchetche kawiri kapena katatu m'dzinja ndi njira yosungira ubale ndi anthu omwe mawa adzakhale aneba anu, komanso omwe lero akukuyang'anirirani malowo.

Kwa ife ochita lendi, funso limakhala loti kodi ntchitoyi ndi ya ndani. Ine ndimaona kuti kutchetcha, kusesa ndi kusamala zinyalala ndi za wokhalamo, pomwe kalavati, mpanda wong'ambika ndi kupopetsa chimbudzi ndi za alandilodi. Izi ndi zofunika kukambirana tsiku lolandira makiyi, osati mvula itagwa kale.

Kodi malamulo alipo?

Alipo. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 limapatsa makhonsolo mphamvu zopanga malamulo awoawo okhudza ukhondo, misika ndi zina za mu mzinda. Lamulo la Physical Planning Act la 2016, lomwe linalowa m'malo mwa la 1988, limafuna kuti womanga mu mzinda ayambe wapititsa pulani kuti ivomerezedwe, ndipo chomangidwa popanda chilolezo kapena m'malo a msewu chikhoza kugwetsedwa. Mpanda nawo ndi chomanga. Musanakumbe maziko ake, funsani ku Mzuzu City Council kuti malire a msewu ali pati. Eni nyumba amayeneranso kulipira msonkho wa malo, ma city rates aja, womwe ndi gwero lina la ndalama zokonzera misewu ndi kuchotsa zinyalala. Wolipira ali ndi pakamwa pofunsira kwa khansala wake kuti giredala ibwera liti.

Mu November 2020 boma linakhazikitsanso tsiku losesa, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse masana. Chidwi chake chimakwera ndi kutsika, koma tsikulo likhoza kuthandiza mzere womwe ukusowa poyambira.

Abale athu omwe amagwira ntchito m'nyumba zotchingidwa ndi mpanda umodzi ku Johannesburg kapena Cape Town amatiuza kuti kumeneko komiti ya eni nyumba imalipiritsa munthu chindapusa chifukwa cha udzu wotalika kapena galimoto yoima molakwika. Ku America mabungwe otere amafika posankhira munthu mtundu wa penti. Ife sitikufunika kufika pamenepo. Amayi ogulitsa tomato pageti kapena bambo wolima mizere iwiri ya mpiru kuseri sakulakwira munthu. Chomwe tili nacho ndi mafumu ndi atsogoleri a m'mabuloko, magulu achitetezo cha m'dera, matchalitchi ndi mizikiti, ndi magulu a WhatsApp omwe amagwira ntchito msanga pakagwa maliro. Magulu omwewa akhoza kukambanso za ngalande.

Kalankhulidwe n'kofunika

Chomwe ndaona ine ndi choti mawu oyamba ndi amene amamanga kapena kupasula. Kujambula galimoto ya mnzako n'kuiponya pa gulu kumabala udani wa zaka. Kugogoda pageti, kupereka moni, kuno timati monire adada, monire amama, kenako n'kunena kuti pepani, galimotoyi ikanasunthako pang'ono kuti odwala azidutsa, kawirikawiri kumatheka tsiku lomwelo. Zikakanika m'pomwe nkhani ipite kwa amfumu, ndipo zikakanikanso ipite ku khonsolo.

Nkhorongo ikumangidwabe, ndipo umenewu ndi mwayi. Mpanda womwe sunamangidwe ukhoza kubwezedwa mita imodzi m'mbuyo popanda kugwetsa njerwa ya munthu. Mukamatuluka pageti mawa m'mawa, tayang'anani kumanja ndi kumanzere, mudzifunse ngati ambulansi ingafike pa nyumba yomaliza ya mzere wanu pakati pa usiku m'mwezi wa March. Ngati singafike, yambani ndi khasu, penti yoyera, ndi moni kwa aneba.