N'chifukwa chiyani ku Tete ndi ku Nsanje kumatentha chonchi?

Tsiku lina wophunzira adzakufunsani kuti, "Aphunzitsi, pamwamba pa phiri m'pafupi ndi dzuwa. Nanga bwanji ku Dedza kumazizira pamene ku Nsanje kumawotcha?" Funsoli musalipeputse ayi. Tiyeni tione zifukwa zinayi.

Choyamba ndi kutsika kwa malo. Dzuwa limayamba latenthetsa nthaka, kenaka nthakayo ndiyo imatenthetsa mpweya. Mpweya ukamakwera umatakasuka n'kuzizira, choncho tikakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5. Blantyre ili pa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere. Tete, m'mbali mwa Zambezi, safika pa mamita 200, ndipo Nsanje, m'chigwa cha Shire, safika ngakhale pa 100. Apa pokha pali kale kusiyana kwa madigiri 5 kapena 6.

Chachiwiri ndi mphepo yotsetsereka. Mpweya ukamatsika kuchoka kumapiri kulowa m'chigwa umapanikizika, ndipo mpweya wopanikizika umatentha. Takhudzani pampu ya njinga mukangomaliza kupopa, mumva nokha.

Chachitatu ndi chinyontho. Madzi a mumtsinje ndi m'madambo amatulutsa nthunzi, ndipo nthunziyo imasunga kutentha ngati chivundikiro pa mphika. Thukuta nalo siliuma msanga, ndiye thupi limalephera kudziziziritsa. N'chifukwa chake anthu akuchigwa amagona pabwalo.

Chachinayi ndi tauni yeniyeniyo. Phula, simenti ndi njerwa zimamwa kutentha masana n'kumakutulutsa pang'onopang'ono usiku. Mitengo ikatha, mthunzi nawo umatha.

Zonsezi zimafika pachimake mu Okutobala ndi Novembala. Nthawi imeneyi dzuwa limakhala pamutu penipeni, mitambo yolitchinga imachepa, ndipo nthaka imakhala gwaa mvula isanagwe. Ku Tete kutentha kumapitirira madigiri 40 masiku ena.

Ngati mukuphunzitsa kuchigwa, kumbukirani kuti mwana wotenthedwa samva phunziro, ndipo akasowa madzi akhoza kukomoka. Maphunziro ovuta muziwaika m'mawa, ndipo ndowa ya madzi akumwa isasowe m'kalasi.

Ntchito
1. Tengani ophunzira anu masana akakhudze phula kapena simenti, dothi louma, ndi dothi la pansi pa mtengo. Alembe chomwe chatentha kwambiri, afotokozenso chifukwa chake.
2. Yankhani funso la wophunzira uja m'mawu oti mwana wa Sitandade 5 amve.