Mutu 7: Andende opanda mlandu, 1959

Ndende ya masiku onse ili ndi chiyambi ndi mapeto: woweruza amagamula, wolakwa nkumawerenga zaka zake mpaka kutuluka. Msasa wa nthawi ya nkhondo suli choncho. Munthu amatsekeredwa osaonekera kukhoti, ndipo za tsiku lotuluka palibe amene amamuuza. Pa nkhondo ya Angerezi ndi Mabunu ku South Africa, kuyambira 1899 mpaka 1902, misasa yotere inapha Mabunu pafupifupi 28,000, ambiri mwa iwo ana, komanso anthu akuda zikwizikwi. Sanafe ndi zipolopolo ayi, koma matenda, njala ndi madzi oipa.

Kwathu kuno zoterezi zinafika mu 1959, ndipo Karonga anali pakati penipeni pa nkhaniyo. Mu February chaka chimenecho anthu okana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland anachita zipolowe pa boma la Karonga, natsekanso bwalo la ndege la Fort Hill, komwe lero ndi Chitipa, koma nthawiyo kunali pansi pa Karonga. Kumapiri a Misuku, Flax Musopole, mmodzi mwa okana chitaganyawo, anasowetsa boma mtendere miyezi yambiri. Pa 3 March bwanamkubwa Robert Armitage analengeza lamulo la zadzidzidzi, ndipo mbandakucha apolisi ndi asilikali anayamba kugogoda pamakomo a atsogoleri a Nyasaland African Congress. Ogwidwa onse anaposa 1,300.

Ena mwa akumpoto anawakweza m'sitima ya Mpasa. Ku Nkhata Bay, komwe sitimayo inaima, khamu linasonkhana padoko kufuna kuti abale ake amasulidwe, asilikali nkuwombera, anthu osachepera 20 anafera pomwepo. Tsiku lomwelo la 3 March, kutali ku Kenya, alonda a msasa wa Hola anamenya andende 11 mpaka kuwapha. Ufumu unali umodzi, wa Angerezi, ndipo nkhanza zake zinkafanana.

Ambiri mwa ogwidwa kwathu kuno anakawatsekera ku Kanjedza, ku Limbe, mkati mwa mpanda wa waya. Ena anawatumiza ku Southern Rhodesia, ku ndende ya Khami pafupi ndi Bulawayo. Taganizani mlimi wa mpunga wa kuchigwa cha Karonga, wamangidwa mu March mbewu ili m'munda, watengedwa ulendo wa makilomita mazanamazana. Mkazi wake akamuona bwanji? Akolola ndani? Chilango chinkagwera banja lonse, pomwe mlandu panalibe. Bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza Patrick Devlin linapeza kuti pogwira anthu panali kumenya kosaloledwa ndi lamulo, kuti nyumba zinatenthedwa, ndi kuti chiwembu chopha Azungu chomwe boma linkanamizira Congress chinalibe umboni wokwanira.

Si onse anazunzika mofanana. Ku ndende ya Gwelo, ku Southern Rhodesia, Dr Hastings Kamuzu Banda anatsekeredwa pamodzi ndi Henry Masauko Chipembere ndi ana awiri a ku Karonga, Dunduzu ndi Yatuta Chisiza. Iwowa ankatha kuwerenga mabuku ndi kukambirana, ndipo kumeneko nkomwe anakambirana zosamutsira likulu ku Lilongwe, zomanga yunivesite ndi msewu wa m'mbali mwa nyanja. Banda anatuluka pa 1 April 1960, koma anzake atatuwo anakhalabe m'ndende mpaka September.

Chomvetsa chisoni n'chakuti dziko litalandira ufulu mu 1964, boma latsopano silinataye chida chimenechi. Linatsekera anthu popanda mlandu ku Dzeleka, kenako ku Mikuyu, ndipo ena mwa otsekeredwawo anali omwe aja anamangidwapo mu 1959.