Sukulu yaubusa imene inasula Chilembwe

Ndikagwira K2,000 n'kuona nkhope ya John Chilembwe, ndimakumbukira sukulu imene inamusula. Ili ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia ku America, ndipo anaiyambitsa ndi akhristu akuda a mpingo wa Baptist mu 1886, ukapolo utatha kale.

Chilembwe anapita ku America mu 1897 limodzi ndi Joseph Booth, n'kukalowa sukuluyi, yodziwika kuti Virginia Theological Seminary and College. Kumeneko sankangophunzira Baibulo ndi kulalikira ayi. Mkulu wa sukuluyi, Gregory Hayes, ankalimbikira zoti anthu akuda aziyendetsa okha sukulu zawo, ngakhale thandizo la azungu litasiya kubwera.

Atabwerako mu 1900, Chilembwe anayambitsa PIM ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu.

Abusa athu, kodi sukulu zanu zaubusa zikuphunzitsabe kudzidalira kotereku?