Kusamutsa Seva Yakale ya mu Ofesi

Lero tikambirane za makina amene amakhala phee pakona ya ofesi, koma ndiwo asunga malipiro a antchito, makalata ndi mabuku a ndalama. Dzina lake ndi seva. Imeneyi ndi kompyuta imene makompyuta ena onse a mu ofesi amatapamo ndi kusungamo zinthu, monga banja lichitira ndi nkhokwe.

Seva iliyonse ili ndi pulogalamu yaikulu yoiyendetsa, monga Windows Server kapena Linux. Opanga pulogalamuyo amatumiza zigamba zotsekera mabowo amene mbava zingaloŵerepo, koma satero mpaka muyaya. Kampani ya Microsoft inaleka kutumiza zigamba za masiku onse za Windows Server 2003 mu July 2015, ndi za Windows Server 2008 mu January 2020. Seva yotere imayakabe m'maŵa uliwonse, koma ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kumbukirani za May 2017, pamene pulogalamu yoononga yotchedwa WannaCry inatseka makompyuta a zipatala zambiri ku Britain, odwala nabwezedwa. Chigamba choitchinga chinali chitatuluka kale mu March, koma ambiri anali asanachiike.

Tsono wina afunsa: bwanji osangoika pulogalamu yatsopano pamwamba pa yakale? Apa mpamene pali mfundo. Maseva akale ambiri amayendera mamangidwe otchedwa 32-bit, amene kaŵirikaŵiri sakumbukira zoposa magigabayiti 4 nthaŵi imodzi. Amakono ndi a 64-bit. Windows Server 2008 inali yomaliza kutuluka ya 32-bit. Kuyambira 2008 R2, ya m'chaka cha 2009, zonse ndi za 64-bit. Windows siilola kuchoka pa 32 kunka pa 64 pomwepo. Iyenera kuikidwa mwatsopano. Ntchitoyi, omvera, si yofolera denga ayi. Ndi yomanga nkhokwe ina ndi kututiramo chimanga.

Wotuta wanzeru ayamba ndi kulemba zonse zimene seva yakale ichita. Kenaka akopera zonse kaŵiri, naonetsetsa kuti zokoperazo zitseguka, pakuti zosayesedwa sizidalirika. Ayesanso mapulogalamu a malipiro ndi makina osindikizira makalata pa seva yatsopano, popeza kapulogalamu koyendetsa makina osindikizira ka 32-bit sikagwira pa 64-bit. Tsiku losamuka likhale Loŵeruka, ndipo lisayandikane ndi kutha kwa mwezi, antchito akudikira malipiro. Pomaliza, seva yakale aichotse pa intaneti, koma asaifafanize kufikira malipiro a mwezi wathunthu atatuluka bwino pa yatsopano. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Inu akuluakulu a maofesi, maŵa funsani wosamala makina anu mafunso aŵiri: seva yathu ilandirabe zigamba kodi, nanga zokopera zathu munaziyesa liti?