Msomali, lata ndi waya wa mkuwa m'madzi a mchere

Mwana wa ku Angónia akafunsidwa kuti khasu ndi la chiyani, amayankha kuti ndi lachitsulo. Akafunsidwa za poto wa aluminiyamu, yankho limakhala lomwelo. Mwanayo sanalakwe, chifukwa pa Chinyanja mawu akuti chitsulo amaimira zinthu ziwiri zimene Chipwitikizi chimasiyanitsa: metal ndi ferro. Vuto limaonekera pa mayeso, mwana akalemba kuti zitsulo zonse zimachita dzimbiri.

Kumasulira mawu pabolodi sikukwanira. Ana afunika aone okha, ndipo zipangizo zake zili pakhomo: msomali wopalidwa bwino ndi mchenga, waya wa mkuwa wochokera mu nthambo yamagetsi yakutha, kachidutswa ka lata yatsopano ndi kachidutswa ka poto wakale. Chilichonse chiikidwe m'kambale kakekake, m'madzi a mchere ochepa, mbali ina ili pamtunda. Ana ayambe alosera m'chinenero chawo chimene chichitike, mphunzitsi n'kulemba maganizo onse osawakonza.

Pakapita masiku awiri kapena atatu, msomali umakhala utafiira ndipo madzi ake ada. Zinazo sizioneka kuti zasintha kwenikweni. Apa m'pamene mphunzitsi angapereke mayina: msomali ndi ferro, waya ndi cobre, koma zonse zinayi ndi metais. Dzimbiri lofiira ndi la ferro yekha.

Pali msampha umene umakola ngakhale aphunzitsi. N'kosavuta kunena kuti zitatu zosafiirazo "n'zolimba". Za mkuwa n'zoona kuti suphatikizana msanga ndi mpweya wa okosijeni. Koma lata ndi ferro wokutidwa ndi zinki, ndipo zinki ndi wachangu kuposa ferro: amayamba ndiye kudyeka, n'kuteteza chitsulo cha mkati. N'chifukwa chake denga limayamba kufiira pakapita zaka, zinki atatha. Aluminiyamu ndiye wachangu kuposa onsewo, kungoti akakhudzana ndi mpweya amadzikuta ndi kakhungu kopyapyala kosaoneka ndi maso, kamene kamatchinga mkati. Ndiye kuyambira wachangu, mndandanda wake ndi aluminiyamu, zinki, ferro, mkuwa, ngakhale maso akunena zina.

Ana akafunsa chimene chikudya msomali, pali kuyesa kwina. Palha de aço, waya wofewa uja wotsukira mapoto, aviikidwe mu viniga, afinyidwe, akanikizidwe pansi pa botolo loonekera mkati. Botololo livundikiridwe m'mbale ya madzi. Pofika mawa lake madzi amakhala atakwera m'botolo, nthawi zina pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu, chifukwa dzimbiri latenga okosijeni, amene ndi magawo 21 pa 100 a mpweya. Waya wonyezimira wosachita dzimbiri sugwira ntchito pano.

Mabuku ena amaonetsa sodiyamu ndi potaziyamu zikuthamanga pamadzi, ndipo ana amakonda chithunzicho. Zitsulo zimenezi zimasungidwa m'mafuta chifukwa zikakhudza madzi zimatulutsa haidirojeni ndi kutentha, n'kuthovukira kumaso. Si zobweretsa m'kalasi lopanda magalasi oteteza maso. Ngakhale pa kuyesa kwa mcherewu, lata adule ndi mphunzitsi n'kupinda m'mphepete mwake, ndipo mbale zogwiritsidwa ntchito zisabwererenso kukhitchini.