Amene Amakoka Chingwe cha Ngamila

Kuno ku Elsburg, pafupi ndi Germiston, mchenga tili nawo wathuwathu: zitunda zotuwa zimene migodi ya golide inasiya. Mphepo ya mu Ogasiti ikauka, fumbi lake limalowa m'maso, m'mano, ngakhale m'ndiwo. Palibe amene angalipire khobidi kuti akagone pamwamba pake. Koma kumpoto kwa Africa anthu amakwera ndege kuchokera ku Ulaya ndi ku China n'cholinga chokagona usiku umodzi pamchenga, ndipo alipo amuna amene amadyera pomwepo.

Amunawa mukawapeza ku Merzouga, kamudzi ka kum'mwera chakum'mawa kwa Morocco, pafupi ndi malire a Algeria. Kumeneko kuli Erg Chebbi, mapiri a mchenga wokhawokha, ena otalika mamita pafupifupi 150. Ambiri mwa oyendetsa ngamila ndi Aamazigh, omwe ena amawatcha Aberber, ana ndi zidzukulu za abusa oyendayenda. Chilala chitatha ziweto, malire n'kutseka njira zakale zodyetsera, mabanja anakhazikika m'midzi, ndipo ngamila inasiya kusenza katundu n'kuyamba kusenza alendo.

Ntchito imayamba dzuwa likapendeka. Mwamunayo amagwaditsa ngamila zake pamzere, amayala mabulangete kuzungulira linunda, n'kumanga chishalo chokhala ndi chitsulo chogwirira kutsogolo. Apa m'pamene pamaonekera mmisiri, chifukwa chishalo chikakhala mopendekeka chimanyula khungu, ndipo ngamila ya chilonda pamsana imatha masabata osagwira ntchito koma ikudya. Mlendo akakwera amauzidwa kuti agwiritsitse ndi kutsamira chammbuyo, pakuti ngamila imadzuka ndi miyendo yakumbuyo poyamba. Wosamva amapsompsona khosi la nyamayo. Kenaka ngamila zimalumikizidwa ndi chingwe, ina kumbuyo kwa inzake, ulendo n'kuyamba.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti mwini luso sakwera. Amayenda pansi, chingwe m'manja, nthawi zina wopanda nsapato, ola lathunthu kapena kupitirira, pamchenga womwe phazi limamira mpaka m'kakolo. Amasankha msana wa chitunda pomwe mchenga uli wolimba kuti nyama zisaterereke. Ali m'njira amalandira foni ya mlendo uyu ndi uyo n'kumajambula, amayankha wina m'Chifalansa, wina m'Chisipanishi, wina m'Chingerezi, zilankhulo zomwe ambiri anatolera m'makutu, osati m'kalasi. Pa zithunzi zimene zimafika pa Facebook pamaoneka mithunzi italiitali ya ngamila, koma iye nthawi zambiri palibepo, poti ndiye wagwira foni. Ife amene tinakonzapo dimba la bwana kuno ku Joni, alendo n'kumayamikira mwini nyumba chifukwa cha maluwa, zimenezi sitifuna wotimasulira.

Akafika pamsasa alendo amathamangira kukaona kulowa kwa dzuwa. Iye amamasula zishalo, amamanga miyendo yakutsogolo ya ngamila iliyonse ndi kachingwe kuti isapite kutali, n'kuyang'ana mapazi a nyamazo. Pamisasa ing'onoing'ono munthu yemweyo ndiye amathira tiyi wa masamba onunkhira, amapereka tajini, ndiwo za nyama ndi masamba zophikidwa mu mphika wadothi wa chivindikiro chosongoka, ndipo moto ukayaka amatenga ng'oma n'kuimba. Chipululu n'chachinyengo: masana chimawotcha, koma usiku wa mu Januwale madzi amatsala pang'ono kuuma ndi kuzizira. Miyezi yozizirayo ndiyonso nyengo imene ngamila zamphongo zimalusa, kutulutsa thovu kukamwa ndi kuluma. Tambala asanalire, kukanakhala tambala, iye wadzuka kale kukasaka nyama imene yatsimphina usiku kupita kuseri kwa chitunda.

Ndalama imene mlendo amalipira ku Marrakech, mtunda woposa makilomita 500 kuchokera ku Merzouga, imadutsa m'manja ambiri: wogulitsa ulendo, mwini galimoto, mwini hotela, mwini msasa, mwini ngamila. Wokoka chingwe amakhala kumapeto kwa mzerewo, ndiye diso lake limakhala pa kangachepe kamene mlendo angamupatse potsazikana. Kwinaku magalimoto oyenda m'mchenga ndi njinga zamoto za mawilo anayi zikumulanda makasitomala othamanga mtima.

Makolo a ntchitoyi anali anthu olemekezeka kuposa apa. Kumpoto chakumadzulo kwa Merzouga, ku Rissani, kuli mabwinja a Sijilmasa, mzinda umene maulendo odutsa Sahara ankayambira. Wapaulendo wina wakale, Ibn Battuta, ananyamuka kumeneko m'chaka cha 1352, ndipo patatha masiku 25 anafika ku Taghaza, komwe anapeza nyumba zomangidwa ndi miyala ya mchere, zofoleredwa ndi zikopa za ngamila. Iye anasimba za munthu wotchedwa takshif, amene ankalembedwa ganyu yotsogola yekha kupita ku Walata, komwe ulendowo unkalowera, kukauza anthu kuti achingamire apaulendo ndi madzi. Akasochera munthu mmodziyo, gulu lonse linkatha kufa ndi ludzu. Anasimbanso kuti wowalondolera njira anali ndi diso limodzi lakufa, linalo lodwala, koma palibe ankamuposa podziwa njira. Asodzi a ku Nkhotakota amene amabwerera kudooko usiku poyang'ana nyenyezi ndi kumva mphepo angamumvetse munthu ameneyu.

Maulendo a mchere sanatheretu. Ku Mali ngamila zakhala zikusenza mchere wa ku Taoudenni kupita ku Timbuktu, iliyonse zigulugulu zinayi, ngakhale malole ndi nkhondo imene inabuka kumpoto kwa dzikolo mu 2012 zafooketsa malondawa. Ku Niger Atuareg amadutsa chipululu cha Ténéré kupita ku Fachi ndi ku Bilma, atanyamula mapira okasinthanitsa ndi mchere ndi zipatso za kanjedza, atasenzanso udzu wa nyama zawo chifukwa m'njiramo mulibe chomera. Mtsogoleri wawo amatchedwa madugu. Panjirapo panali mtengo umodzi wokha womwe unkawalozera chitsime, koma mu 1973 woyendetsa lole anauwomba n'kuugwetsa. Mtengo umodzi pamtunda wonsewo! Zotsala zake zili ku Niamey, m'nyumba yosungiramo zinthu zakale.

Kuno kum'mwera ntchitoyi inakhalapo mwa mtundu wina. Apolisi a ku Kalahari ankalondera pa ngamila, zomwe ankaweta ku Witdraai, mpaka magalimoto atazilowa m'malo. Ku Upington kuli chipilala cha wapolisi ali pa ngamila, ndipo ku Swakopmund, ku Namibia, alendo amakwerabe m'mphepete mwa chipululu cha Namib. Kwathu ku Malawi katundu wa ulendo wautali ankayenda pamitu ya amtengatenga.

Anthu amakonda kunena kuti m'linunda muli madzi. Muli mafuta, ndipo woweta amayang'ana pomwepo kuti adziwe ngati nyama yake ikudya mokwanira. Linunda likagwera mbali ndiye kuti yawonda. Ngamila yaludzu imatha kumwa malita 100 pakanthawi kochepa, koma pamchenga wa Erg Chebbi msipu ndi wochepa, choncho chakudya chambiri n'chogula. Mu Julayi ndi Ogasiti, kutentha kukadutsa madigiri 40, alendo akunja amachepa pomwe nyama zikufunabe kudya. Nyengo imeneyi ena mwa amunawa amatenga fosholo. Kumabwera anthu a ku Morocco komweko odwala nyamakazi, ndipo iwo amawakumbira dzenje, kuwakwirira mumchenga wotentha mpaka m'khosi kwa mphindi ngati khumi, n'kukhala pambali ndi botolo la madzi akuphimba mutu wa wodwalayo ku dzuwa.