Mtengo wa nkhuku ungakuuzeni chiyani za kukwera mitengo kwa zakudya?

Mukafunsa mtengo wa nkhuku pamsika n'kubwerera osagula, mungaganize kuti wogulitsayo akufuna phindu lochuluka. Nthawi zambiri sizikhala choncho. Mtengo wa nkhuku umasenza mitengo ya zinthu zina zambiri, ndipo mukamautsatira mwezi ndi mwezi mungadziwe msanga ngati chakudya cha banja lanu chili pachiopsezo.

Chifukwa chiyani nkhuku?

Nkhuku yachizungu yanyama imakula m'masabata pafupifupi 6. Pa ndalama zonse zimene mlimi amawononga poiweta, zoposa theka zimapita ku chakudya chake, chomwe chimapangidwa kwambiri ndi chimanga ndi soya. Choncho chimanga chikakwera, sipatenga nthawi yaitali kuti nkhuku nayo ikwere.

Palinso mankhwala, katemera ndi mavitamini a nkhuku omwe ambiri amachokera kunja, komanso mafuta a galimoto zonyamula anapiye ndi chakudya. Zonsezi zimadalira mphamvu ya kwacha, yomwe inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Mitengo imasiyana bwanji m'zigawo?

Soya ndi chimanga zimalimidwa kwambiri m'maboma a chigawo chapakati monga Lilongwe, Mchinji ndi Kasungu. Chakudya cha nkhuku chikamapita kutali, monga ku Karonga kapena ku Nsanje, mtengo wa mayendedwe umawonjezeka, ndipo wogula ndi amene amalipira. N'chifukwa chake mtengo umene m'bale wanu wa kuchigawo china wakuuzani pafoni ungasiyane ndi wa kwanu.

Mungatsatire bwanji nokha?

Sankhani msika umodzi ndi mtundu umodzi wa nkhuku. Musayerekeze yachikuda ndi yachizungu, pakuti yachikuda imadzifunira yokha chakudya ndipo mtengo wake umayenda mwina. Ngati n'kotheka, funsani mtengo wa kilogalamu imodzi, chifukwa wogulitsa akhoza kusiya mtengo pomwepo koma n'kumagulitsa nkhuku zazing'ono. Lembani mufoni kamodzi pamwezi, pamodzi ndi mtengo wa mazira ndi chimanga.

Tiyerekeze kuti chaka chatha munagula nkhuku pa K8,000 ndipo lero ili pa K10,000. Kusiyana kwake ndi K2,000, lomwe ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a mtengo wakale. Ndiye kuti yakwera ndi 25 peresenti. Ngati ndalama zimene mumapeza sizinakwere chimodzimodzi, mphamvu yanu yogulira ndiwo yachepa.

Yerekezani mwezi uno ndi mwezi womwewo chaka chatha. Nyengo ya Khirisimasi ndi Eid ogula amachuluka ndipo mitengo imakwera kwa kanthawi. Kukagwa chitopa, ena amagulitsa nkhuku zawo mothamanga pamtengo wotsika. Kutsika kotere sikutanthauza kuti zinthu zayamba kuyenda bwino, ndipo musagule nkhuku yodwala kapena yofa yokha.

Kumbukiraninso kuti nkhuku ndi chinthu chimodzi chabe. Ofesi ya National Statistical Office ku Zomba imatulutsa mwezi uliwonse chiwerengero cha kukwera mitengo itafufuza katundu wosiyanasiyana. Zimene mwalemba inu zimangokuwonetsani mmene zilili pamsika wa kwanu.

Zikukhudza bwanji thanzi lanu?

Ndalama zikachepa, mabanja ambiri amayamba asiya nyama ndi mazira kuti ufa usasowe. Mimba imakhuta, koma thupi limasowa zomanga thupi ndi zowonjezera magazi. Ovutika kwambiri ndi ana aang'ono, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 anali opinimbira.

Mukawona kuti nkhuku yakwera miyezi itatu motsatizana, musadikire kuti ndiwo zisowe. Zakudya zochokera ku nyama ndi limodzi mwa magulu 6 a zakudya amene azaumoyo amalimbikitsa, ndipo gululi silifuna nkhuku yathunthu. Usipa, bonya, matemba, dzira kapena chiwindi zimagwira ntchito yomweyo. Onjezerani nyemba, nandolo, soya ndi mtedza. Mwana woposa miyezi 6 muzimuikira dzira, nsinjiro kapena usipa wosinja m'phala lake, uku akuyamwabe. Pitani naye kusikelo mwezi uliwonse, ndipo akasiya kukwera kapena akayamba kutupa mapazi, thamangirani naye kuchipatala.